Njira Zisanu ndi Ziwiri Zowonongera Fomu ya Maoda

Oda iliyonse yotuluka m'nyumba zosungiramo katundu za ku Maselema imayankha mafunso awiri: katunduyu ndi wa ndani, nanga ndi wochuluka bwanji? Lole ikakhotera mumsewu wa Masauko Chipembere itasenza mabelo a shuga, makatoni a sopo ndi zigubu za mafuta ophikira, dalaivala amadalira mayankho awiriwo kuti adziwe zotsitsa pa Chinseu ku Ndirande, zopita ku Namiyango ku Bangwe, ndi zotsalira a pa Nthukwa ku Chilomoni. Masiku ano eni mabizinesi ena akulemba ganyu achinyamata odziwa kompyuta kuti awapangire sisitimu ya maoda, ndipo achinyamatawo amagwiritsa ntchito zida zimene zimapanga zokha fomu kuchokera pa matebulo a database. Zidazi n'zabwino ndipo zimafulumizitsa ntchito. Tsoka lake n'lakuti mabokosi amene zimakonda kusiya ndi awiri omwewo, la chiwerengero ndi lolozera mwini oda.

Ndalemba pano njira yolakwitsira ntchitoyi mwa ndondomeko imene zolakwazo zimatsatirana. Palibe mnyamata kapena mtsikana amene amayamba ndi cholinga chowononga. Aliyense amangochita chinthu chimodzi chooneka chanzeru pa nthawiyo, kenako china. Mukatsatira zonse zili pansipa, sisitimu yanu idzatseguka bwinobwino, idzaoneka yokongola, ndipo pakutha pa mwezi palibe adzadziwe amene ali ndi ngongole.

1. Musapite kukaona kalaliki akugwira ntchito

Khalani kwanu. Mverani mwini bizinesi pa foni akufotokoza zofuna zake, lembani matebulo atatu, la makasitomala, la katundu ndi la maoda, kenako uzani chida chanu chikupangireni fomu. Tsamba likangotseguka popanda uthenga wofiira, lijambuleni, tumizani pa WhatsApp, nenani kuti ntchito yatha. Musawerenge mabokosi ali pa fomuyo, ndipo musawafananize ndi lisiti la pepala limene kalaliki wakhala akulemba zaka zonsezi.

Mukadawerenga mukadaona chosowa. M'tebulo la makasitomala golosale iliyonse ili ndi nambala yakeyake imene kompyuta imapereka yokha, ndipo imeneyi ndiyo primary key. M'tebulo la maoda simulembedwanso dzina la golosale, mumangolembedwa nambala ija, ndipo danga losunga nambalayo ndilo foreign key. Zili ngati buku la ngongole la pa okala: munthu aliyense ali ndi tsamba lake, ndipo kapepala kalikonse ka zimene watenga kamalembedwa nambala ya tsambalo. Kapepala kopanda nambala ya tsamba n'kachabe, ngakhale katalembedwa mwaluso chotani. Nzeru yosunga zinthu m'matebulo olozerana motere anaifotokoza Edgar Codd wa ku IBM mu 1970, ndipo MySQL, PostgreSQL ndi SQLite zikuyendabe pa maziko omwewo.

Zida zopangira fomu zili ndi malamulo a zimene zimabisa, ndipo malamulowo analembedwa poyera. ModelForm ya Django siionetsa primary key yoperekedwa ndi kompyuta, siionetsanso danga lililonse lolembedwa editable=False. Kuyambira pa Django 1.8 ya mu 2015, imakana kugwira ntchito mpaka mutatchula madanga oti aoneke kapena oti abisike. Mukawonjezera danga la chiwerengero cha makatoni sabata yamawa n'kuiwala kulilemba pa mndandanda wa oonekawo, silituluka, ndipo tsamba litseguka ngati palibe chalakwika. WTForms-Alchemy imabisa primary key ndi foreign key zonse pokhapokha mutaiuza kuti izionetse. Flask-Admin nayo siionetsa danga la foreign key. Imayembekeza kuti mwalemba relationship pakati pa matebulo awiriwo kuti ipange kamndandanda kosankhapo dzina, ndipo mukapanda kulemba, funso lakuti oda ndi ya ndani limangosowa pa fomu. Pa zida ziwiri zomalizazi, ngati nambala ya katundu yolembedwa pa mashelefu, imene pakampanipo anaizolowera, mwaisandutsa primary key, nayonso ibisika. Zonsezi musaziwerenge, ndipo musafunse anzanu amene anadutsamo. Safunsa anadya phula.

2. Database ikakuwa, itsekeni pakamwa

Lolemba m'mawa kalaliki alemba oda yoyamba, adina batani losungira, ndipo database ikana. Uthenga wake utchula IntegrityError ndi mawu akuti NOT NULL. Pamenepa makina akukuuzani zoona zokhazokha, kuti oda yabwera yopanda mwini kapena yopanda chiwerengero. Aka ndi kachenjezo komaliza kamene mudzalandire kwaulere.

Kuti mulakwitse, onani uthengawo ngati mdani. Mwini bizinesi akuimba foni, malole akudikira panja, choncho sankhani chachangu. Lembani null=True kapena nullable=True pa danga la kasitomala kuti database ileke kufunsa. Maoda ayamba kulowa, koma onse opanda mwini. Mukafuna kuwononga kopyola apa, ikani default=1 pa kasitomala ndi default=0 pa chiwerengero. Nambala 1 ndi golosale imene munayamba kuilemba, ndipo kawirikawiri imakhala ya kasitomala wakalekale amene bwana anamukumbukira koyamba. Tsopano oda iliyonse ya mwezi wonse igwera pa dzina lake. Kasitomalayo, mayi wa ku Zingwangwa amene sanadumphepo tsiku lolipira, alandira foni yakuti, "Amayi, kompyuta ikuonetsa kuti muli ndi ngongole yaikulu, katundu sitikupatsani mpaka mutalipira." Iye ayankha kuti, "Achimwene, malisiti anga onse ndili nawo," koma woimbayo akhulupirira zimene akuona pa sikirini.

Ngati mukugwiritsa ntchito MySQL, palinso njira ina. Kuyambira pa MySQL 5.7, database imabwera ili mu strict mode, ndipo imakana mzere wosowa nambala yofunikira. Zimitsani strict mode. Ikazima, MySQL idziikira yokha 0 pamene nambala yasowa, n'kungosiya kachenjezo kamene palibe adzakawerenge. Pomaliza kutani malo osungirawo ndi try ndi except yosachita kanthu, kuti ngakhale kusunga kulephere, kalaliki aziona uthenga wobiriwira wakuti zatheka.

3. Kalaliki adzionere yekha polemba

Kalaliki ndi munthu wanzeru ndipo amadziwa kuti oda yopanda dzina ndi mlandu. Akaona kuti polemba kasitomala palibe, afunafuna malo ena, ndipo apeza bokosi la ndemanga lili m'munsi. Musamuletse, musawonjezere bokosi losowalo, muuzeni kuti azingolemba momwemo kaye.

Pakutha sabata ziwiri tsegulani tebulo muone. Mzere wina walembedwa "Banda Ndirande shuga 10", wina "a Banda Goliyo mabelo 10", wina "Mr Banda x10", winanso "Banda" basi. A Banda alipo ku Ndirande, alipo ku Bangwe, alipo pa Luwanda ku Machinjiri, chimodzimodzinso a Phiri. Kalaliki wa m'mawa amalemba Machinjiri, wa masana amalemba Machinjili, ndipo kwa kompyuta amenewo ndi malo awiri. Munthu akawerenga mizereyi akhoza kungoganizira tanthauzo lake, koma kompyuta siingawonkhetse nambala yobisika pakati pa mawu. Lipoti la shuga wotuluka mwezi uno lionetsa 0, pomwe alonda a pageti anaona malole akutuluka tsiku ndi tsiku. Kalaliki uja akapita kumaliro kumudzi sabata imodzi, tanthauzo la mizere yonseyo lipita naye.

4. Bwezani bokosilo, koma likhale la nambala yokhayokha

Madandaulo akachuluka mudzabweza bokosi la kasitomala. Libwezeni mwa njira yosavuta kwa inu, bokosi loyera lolembamo nambala. Sindikizani mndandanda wa makasitomala ndi manambala awo, umatidwe ndi selotepi pambali pa sikirini, ndipo kalaliki aziyang'ana pamenepo. Nthawi ya 10 koloko m'mawa, ogula atadzaza pa kauntala, foni ikulira, zala zilemba 41 m'malo mwa 14. Manambala onse awiri ndi a magolosale enieni, choncho palibe makina angaone cholakwa. Katundu wa ku Chilomoni alembedwa pa munthu wa ku Bangwe.

Kuti manambala opanda mwini nawonso azilowa, siyani database isayang'anire foreign key. SQLite siikakamiza lamuloli pokhapokha pulogalamu italamula PRAGMA foreign_keys = ON nthawi iliyonse ikamalumikizana nayo. Django imachita zimenezi yokha kuyambira pa Django 2.0, koma pa Flask ndi SQLAlchemy muyenera kulemba nokha, ndiye musalembe. Pa MySQL sankhani matebulo a mtundu wa MyISAM, amene amalandira mawu akuti foreign key mukamapanga tebulo koma osawatsatira, m'malo mwa InnoDB amene amawatsatira. Mukatero, 411 ilowa ngakhale makasitomala anu asanafike pa 300.

Ngati chida chanu chakupangirani kamndandanda kosankhapo, musalembe __str__, imene imapatsa mzere uliwonse dzina looneka, pa tebulo la makasitomala. Django ionetsa mizere yofanana yokhayokha, "Customer object (14)", "Customer object (15)", ndipo kalaliki abwerera ku pepala lake la selotepi.

Dziko lino linaona kale njira yabwino ya vuto lomweli. Sisitimu ya Baobab Health, imene inayambira pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001, imapatsa wodwala nambala n'kuimata ngati barcode pa buku lake la kuchipatala. Wolembera salemba nambalayo ndi zala. Amawalitsa barcode ija ndi kamakina, dzina n'kutuluka pa sikirini, iye n'kufunsa wodwalayo ngati ali yemweyo. Nambala imasiyidwa kwa makina, dzina kwa munthu. Pofuna kulakwitsa, sinthanitsani ntchito ziwirizi.

5. Chilichonse chokhala ndi manambala chikhale integer

Mutavutika ndi mabokosi a manambala osowa, tsopano ayikeni paliponse. Yambani ndi nambala ya foni. Manambala a TNM amayamba ndi 088, a Airtel ndi 099, ndipo integer, imene imasunga nambala yathunthu yokha, siisunga ziro wa kutsogolo, choncho ziroyo agwa. Kalaliki wina alemba nambala yoyamba ndi 265, ndipo ikhala ya manambala 12. Danga wamba la integer mu MySQL ndi PostgreSQL limathera pa 2,147,483,647. PostgreSQL ikana n'kunena kuti nambala yapyola malire. MySQL imene munaizimitsa strict mode ija siikana, ingodula nambalayo n'kusunga 2147483647. Tsiku lokumbutsa angongole pa foni mudzapeza makasitomala ambirimbiri ali ndi nambala imodzimodziyo, ndipo manambala awo enieni atayika.

Chitaninso chimodzimodzi ndi chiphaso cha unzika. Ziphaso zimene National Registration Bureau inalembera anthu opitirira 9 miliyoni mu 2017 zili ndi nambala yosakaniza zilembo ndi manambala. Bokosi la integer lizikana zonse, ndipo kalaliki azingolemba 0 kapena 1234 kuti fomu idutse.

Ndalama zisungeni m'matambala pa danga lomweli la integer wamba. Kusunga m'matambala kulibe vuto, koma malire aja akutanthauza kuti oda siingapyole K21,474,836.47. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo inakwera, ndipo oda ya lole yathunthu ikhoza kupyola pamenepo. Oda zing'onozing'ono zidutsa, ndipo yolephera kapena yodulidwa ikhala yaikulu kwambiri ya mwezi umenewo. Musafunsenso ngati pali katundu wogulitsidwa pa kilogalamu kapena theka la thumba, kuti kalaliki adzasankhe yekha kulemba 2 kapena 3 pamene wogula watenga matumba awiri ndi theka.

Chomaliza pano ndi ziro. Pa WTForms ikani DataRequired pa bokosi la katundu wotsala m'malo mwa InputRequired. DataRequired imaona 0 ngati bokosi losalembedwa. Tsiku limene shuga watheratu, woyang'anira sitoko alemba 0, fomu ikana, iye alemba 1 kuti aweruke. Mawa lake wogulitsa aona belo limodzi pa sikirini n'kulonjeza munthu amene akwere minibasi kuchokera ku Machinjiri kudzalitenga.

6. Mukatopa, tsegulani zonse

Pofika apa mwatopa ndi mabokosi osowa. Lembani fields = "__all__" kuti chilichonse cha m'tebulo chioneke, lero ndi mtsogolo. Malire a ngongole a kasitomala, chizindikiro chakuti oda yalipiridwa, ndi danga losonyeza amene wavomereza kuchotsera mtengo, zonse zikhala pa fomu imodzi imene aliyense wolowa mu sisitimu angasinthe. Bwana akadandaula, abiseni mabokosiwo pa tsamba lokha, koma seva izilandirabe chilichonse chotumizidwa.

Cholakwa chimenechi chinagwetsapo akuluakulu. Mu March 2012, Egor Homakov anaonetsa kuti GitHub inali kulandira madanga amene sanali pa fomu. Potumiza kiyi yake yolowera, anawonjezera danga la nambala ya mwini kiyiyo n'kulembapo nambala ya gulu losamala chida chopangira mapulogalamu chotchedwa Rails, ndipo anapeza mphamvu yolemba m'nkhokwe ya pulogalamu yawo. Danga limene analisinthalo linali foreign key. Rails 4 ya mu 2013 inabwera ndi lamulo lakuti wolemba pulogalamu azitchula danga lililonse lololedwa. Pa kauntala ya ku Maselema, khomo lomweli limalola munthu kulemba kuti bwana ndiye anavomereza ngongole imene bwanayo sanaimvepo. Limaonetsanso manambala a ziphaso ndi a foni a makasitomala kwa anthu osafunika kuwaona, pomwe dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024 yoteteza zinthu zoterezi.

Pali foreign key zina zimene siziyenera kuoneka pa fomu n'komwe, monga yosonyeza amene walemba oda. Imeneyo seva iyenera kuidzaza yokha potengera amene walowa ndi dzina lake, ndipo Django inapereka save(commit=False) pa ntchito yotereyi. Kuti mulakwitse, musasiyanitse danga lobisidwa mwadala ndi danga loiwalika.

7. Sesani ndi Delete, mlandu mupatse kalaliki

Mwezi ukatha, wowerengera ndalama apeza kuti golosale imodzi inalembedwa katatu. Musaphatikize mizereyo mosamala posamutsa maoda ake kupita pa nambala imodzi. Ingofufutani iwiri. Pa Django foreign key iliyonse imafuna kuti munene zochitika mwini wake akafufutidwa, ndipo inu munalemba on_delete=CASCADE chifukwa ndi imene munaiona m'chitsanzo choyamba, osati PROTECT imene ikadakana. Kasitomala akafufutika, maoda ake onse afufutika naye limodzi, ngongole zomwe. Musakhale ndi kope la database la dzulo lake. Madzi akatayika saoleka.

Bwana akafunsa, muuzeni kuti sisitimu ili bwino, vuto ndi anthu osadziwa kompyuta. Adzakukhulupirirani chifukwa inu ndinu katswiri ndipo iye sadziwa kutsegula tebulo. Zosowazo zidzadulidwa pa malipiro a kalaliki, kapena dalaivala adzaganiziridwa kuti anatsitsa katundu panjira.

Amene amalipira

Apa m'pamene nkhaniyi imandikhudza. Wolemba pulogalamu walandira ndalama zake n'kupita ku ntchito ina. Wotsala ndi mtsikana wa pa kauntala amene amayenda kuchokera ku Ndirande m'mamawa, amene anaona tsiku loyamba lomwe kuti bokosi lasowa, n'kunena, koma osamveredwa. Wotsala ndi mwini okala amene mpamba wake wonse ndi makatoni ochepa, ndipo akamanidwa katundu sabata imodzi ogula ake amapita kwa mnzake woyandikana naye. Anthu amenewa sadzamvapo za nullable kapena CASCADE, koma ndi iwo amene amasenza zotsatira zake.

Chida chopangira fomu sichidziwa bizinesi ya munthu. Chimangotsatira malamulo ake, ndipo kusankha chooneka ndi chobisika ndi udindo wanu. Tchulani madanga a fomu limodzi ndi limodzi. Danga la mwini oda ndi la chiwerengero akhale osalola kusiyidwa, ndipo database iziyang'anira foreign key yokha. Kasitomala azisankhidwa pa dzina, dera ndi nambala ya foni, osati pa nambala ya m'tebulo. Foni ndi chiphaso zisungidwe ngati mawu, ndalama zikhale pa danga lokwana, ndipo ziro alandiridwe ngati yankho. Lembani mayeso ang'onoang'ono amene amatumiza fomu n'kuwerenganso zimene zalowa m'tebulo, chifukwa kutseguka kwa tsamba si umboni wakuti zasungidwa.

Musanapereke ntchito, kwerani minibasi mupite ku Maselema, mukhale pambali pa kalaliki tsiku lotanganidwa. Tengani malisiti a tsiku lathunthu, iye awalowetse inu mutakhala chete, kenako muwonkhetse za pa pepala ndi za mu sisitimu, golosale ndi golosale. Manambala awiriwo akapanda kufanana, ntchito yanu siinathe, ndipo ndalama yomaliza musaipemphe.